Michira ya Analimata Imene Inadyedwa ndi Nkhuku

Chaka chimene ndinayamba kusaka analimata, ababa anali atazolowera kundiitana dzina la achimwene. Sankachita dala. Akafuna kundituma kudoko kapena kundiuza kuti ndilowetse njinga, pakamwa pawo pankatuluka dzina la malemu, kenako ankakhosomola pang'ono n'kutchula langa. Ine ndinkayankha ngati sindinamve kanthu. Koma zinkandiwawa, chifukwa achimwene anafa ndi mowa, ndipo ku Lungwena kunalibe munthu wosadziwa zimenezo.

Vuto linali lakuti tinkafanana kwambiri. Nkhope, kayendedwe, mpata wa mano, ngakhale kakhalidwe kosakhazikika. Ndinapalasako kabaza n'kusiya. Ndinakagulitsako usipa ku Limbe, miyezi iwiri yokha. Ndinaphunzitsako pasukulu ina yapulaiveti teremu imodzi, ndipo tsiku lotsekera ndinatuluka osatsanzika. Amayi ankangonditcha kamwendomnjira n'kumaseka, koma ababa sankaseka, poti achimwene nawonso anayamba chomwecho. Ndikafika pakhomo ankandipatsa moni atayandikira kwambiri, nkhope yawo pafupi ndi yanga. Ndinkadziwa kuti akununkhiza. Chimene ndinkafuna pa dziko lonse lapansi n'chakuti tsiku lina adzandiyang'ane n'kuona ine, osati munthu amene tinamuika m'manda.

Ntchito ya analimata inandipeza ku boma, pa Mangochi. Amayi ena a kuyunivesite, ochokera ku Zomba, ankafuna munthu wodziwa mapiri a kuno, wotha kulemba, komanso wosaopa dzuwa. Atandifotokozera kuti ndizigwira analimata ndinaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Madamu, analimata ali mbwee kwathu pakhoma. Mukufuna angati? Ndikubweretserani ndowa yonse mawa."

"A pakhoma sindikuwafuna," anatero. "Ndikufuna a m'ming'alu ya matanthwe, kumalo ouma kumene kulibe nyumba. Ndipo ndikufuna kudziwa aliyense mwala umene wachokera."

Anandiuza kuti nalimata wa pathanthwe sayenda ulendo wautali. Sasambira, ndipo mchenga wotentha sauwoloka. Choncho a kumapiri a ku Nkhudzi ndi a kumapiri a kuseri kwa Lungwena, amene nyanja ndi mtsinje wa Shire zinawalekanitsa kalekale, akhoza kuoneka ofanana ndendende koma ali mitundu iwiri yosiyana, yoti sangaberekerane. Maso sangakuuze msanga. Koma akayeza kachidutswa ka mnofu ndi makina, amaona amene ali pachibale ndi amene makolo awo anasiyana kale. Anati n'kutheka kuti m'mapiri athuwa muli mitundu imene sinalembedwepo m'buku lililonse. Sindikudziwa chifukwa chake, koma mawu amenewo anandilowa. Ndinakwera njinga kubwerera kwathu ndikuyang'ana phiri lililonse ngati ndaliona koyamba.

Kagwiridwe kake kanali kotere. Ndinkanyamuka m'mawa ndi kagalasi kodziyang'anira, kawaya kopinda ndi timatumba tansalu. Dzuwa likakwera ndinkaliwalitsira m'ming'alu ndi kagalasi kaja, ndipo ndinkawaona atadziphatika kudenga la mwala, ali phee, maso okha ali ngwee. Ndikamutulutsa mmodzi ndinkamujambula pafoni, msana, mimba ndi kunsi kwa zala, kenako ndinkadula kansonga ka mchira kochepa ngati njere ya mpunga. Mchirawo umaphukanso. Nalimatayo ndinkamubwezera pomwepo, ndipo kansongako ndinkakaika m'kabotolo ka pulasitiki kodzaza ndi sipiriti kuti kasawole. M'kabotolomo ndinkaponyamonso kapepala kolembapo tsiku ndi malo. Madamu anandichenjeza kuti ndizilemba ndi pensulo, chifukwa inki imasungunuka mu sipiriti.

Kunyumba ndinanama. Ndinati ndikuthandiza anthu oyeza miyala. Zifukwa zinali ziwiri. Choyamba, ababa ndi nalimata sankamwerana madzi. Anaphunzira ali mwana kumadrasa kuti kupha nalimata kuli ndi thawabu, mphotho ya kwa Mulungu, ndipo pakhonde pathu pankakhala patapata wakale amene ntchito yake inali imeneyo basi. Ankaphonya kawirikawiri, koma sankagwa ulesi. Chachiwiri, sipiriti ndi mowa. Si wakumwa, koma fungo lake ndi lomwelo, ndipo ine ndinkadziwa chimene fungo limenelo linachita m'nyumba mwathu. Madamu anati timabotolo tizikhala pozizira, posafika dzuwa. Malo ozizira kwambiri m'nyumba yathu ya malata anali kunsi kwa bedi, m'chipinda chimene ndinkagona ndi achimwene kale. Kumeneko kunali kasutikesi kawo kakale kopanda kanthu. Ndinaika timabotolo tanga mmenemo, ndipo m'uchitsiru wanga ndinaona ngati ndachita zanzeru.

Chilimwe chonse ndinali pamsewu. Ndinawoloka mlatho wa pa boma kupita ku Nkhudzi kanayi konse, n'kumakwawa m'matanthwe anyani akundiyang'ana modabwa. Ndinakwera lole ya ku Makanjira, pamwamba pa matumba a mchere, fumbi likulowa mpaka m'mano. Kumeneko anthu ankandifunsa ngati ndine sing'anga. Wina anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti akufuna mankhwala a bizinesi, ndipo nditamuuza zoona anakwiya kuti ndikumumana. Zigongono zinanyuka, nsapato zinatha, khungu la pakhosi linapsa. Koma kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga sindinaganize zosiya. Ndinayamba kuona zimene Madamu ankanena. A ku Nkhudzi ankaoneka ngati ali ndi timizere tambiri kunsi kwa zala kusiyana ndi a kwathu. Ndinkawerenga pa zithunzi, n'kuwerenganso, osakhulupirira maso anga. Madamu anati ndisathamange, makina ndi amene adzanene. Anati adzabwera kudzatenga timabotolo tonse mu Novembala, mvula isanatseke msewu, ndipo ntchito ikakhala yabwino adzanditenganso chaka chamawa.

Linali Lachisanu, kumapeto kwa Okutobala, dzuwa lija loti ngakhale mbuzi zimakana kutuluka pamthunzi. Ndinajomba kumzikiti chifukwa ndinali kuphiri. Ndikutsika panjinga pakhomo, ndinaona timabotolo tanga titandandalikidwa pakhonde, totsukidwa bwinobwino, totsegula, tikuuma padzuwa. Ababa anali atakhala pampando wawo, akadali mu mkanjo woyera wa Ijumaa, wopempherera Lachisanu. Amayi anali ataima pakhomo la khitchini atagwira tsaya.

Ndinamva pambuyo pake mmene zinayendera. Kabotolo kamodzi sindinakatseke bwino, ndipo ndi kutenthako fungo linadzaza chipinda. Amayi akusesa analitsatira mpaka kukasutikesi. Ababa atabwera kuchokera kuswala kumzikiti anatenga zonse n'kupita nazo kudzala, kuseri kwa nyumba, n'kukhuthula kamodzikamodzi.

Ndinathamangira kudzalako. Phulusa linali lonyowa, ndipo nkhuku za amayi zinali zitapalasa kale paliponse. Michira ya miyezi inayi, ya ku Nkhudzi, ya ku Makanjira, ya kwathu konkuno, yonse inali m'mimba mwa nkhuku. Tambala anandiyang'ana ndi diso limodzi n'kupitiriza kupalasa.

Sindinalankhulepo ndi ababa mmene ndinalankhulira tsiku limenelo, ndipo mpaka lero ndimachita manyazi.

"Ababa, mwandipha! Mukudziwa chimene mwatayachi?"

"Ndikudziwa," anatero osakweza mawu. "Haramu, mowa. M'nyumba mwanga, kunsi kwa bedi lomwe lija, m'sutikesi yomwe ija."

"Munanunkhiza basi! Simunaone zimene zinali m'katimo?"

"Ndinaona. Timizu. Mkulu wako nayenso ankaikamo mizu, amati imachotsa matsire."

"Si mizu! Ndi michira ya analimata!"

Apa amayi anati, "Asitaghafirulla," n'kukhala pansi pomwepo. Ndinazindikira mochedwa kuti ndawonjezera moto. Kwa iwo tsopano sindinali chidakwa chabe, koma chidakwa chokhwima, chomwera michira ya analimata. Ndinayesa kufotokoza za yunivesite, za makina, za mitundu yobisika, koma mawu ankatuluka mosokonekera chifukwa cha mkwiyo. Ababa anangondiyang'ana ndi maso aja amene ndinkadana nawo. Pomaliza ananditchula dzina la achimwene, ndipo ulendo uno sanakhosomole.

Ndinatenga chikwama changa n'kupalasa mpaka ku boma. Ndinakhala masiku atatu kwa mnzanga wina wokonza mafoni. Sindinkatha kukhala pansi. Ndinkayenda kuchoka kumsika kupita pamlatho, kuima, kuyang'ana madzi, kubwerera kumsika, kenako kupitanso pamlatho. Tsiku lachiwiri ndinalimba mtima n'kuimbira Madamu. Ndinawafotokozera zonse. Kenako anati tsiku lobwera sangalisinthe, kwatsala milungu iwiri, ndipo ndichite zimene ndingathe ndi sipiriti amene ndatsala naye. Za chaka chamawa sananenepo kanthu, ndipo ine sindinafunse.

Ndinene zoona, poti ndi zimene ndakhalira pansi kuti ndilembe. Masana a tsiku limenelo ndinaima kutsogolo kwa kashopu kogulitsa timabotolo ta mowa waukali, timene tinalowa m'malo mwa masacheti. Ndinali ndisanalawepo chibadwire. Ndinaganiza kuti, ngati andiweruza kale, ndikusungiranji pakamwa? Wogulitsayo anandiyang'ana n'kumwetulira ngati akundidziwa, ndipo n'kutheka kuti ankaona achimwene. Kumwetulira kumeneko ndi kumene kunandichotsa pamenepo. Sindinachoke chifukwa cha chikhulupiriro kapena nzeru ayi, ndinachoka chifukwa cha ukali.

Tsiku lachitatu, dzuwa lili pamutu, mnzanga uja anandikodola kuti kunja kuli alendo. Anali ababa. Anapalasa okha kuchokera ku Lungwena, munthu wa bondo lovuta, mkanjo utanyowa ndi thukuta. Pakaliyala anamangirira jumbo, ndipo m'jumbomo munali timabotolo tanga tonse ndi zitsekerero zake. Sanandipatse moni woyandikira uja. Anatulutsa m'thumba kamtolo ka timapepala tomangidwa ndi ulusi wosokera ukonde.

Timapepalato amayi ndi amene anatitola kudzala. Anaopa kuti mwina ndi zolemba za mankhwala, ndiye anatiyanika pa lichero kuti ababa awerenge asanatiotche. Ababa amawerenga pang'onopang'ono, chala chili pa chilembo. Anakhala nato tsiku lonse.

"Apa palembedwa Nkhudzi, mwala wa kumpoto, mwezi wa Ogasiti," anatero. "Apa Makanjira. Apa phiri la kwathu. Chilichonse ndi tsiku lake." Anandiyang'ana. "Ine zidakwa ndaziona. Palibe chimene chimalemba tsiku ndi malo pa botolo lake."

Sanapepese. Ababa sadziwa kupepesa ndi pakamwa. Anangoti, "Mawa tikaswali m'mawa, tinyamuke. Kumene umapita iwe kuja si kumene amakhala ambiri."

Ndinadabwa, poti ababa ndinkawadziwa ngati munthu wa m'madzi, wosoka maukonde. Ndinkadziwa kuti anabwera kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo ali mnyamata, koma nkhaniyo sinkakambidwa pakhomo. Tinabwerera limodzi kunyumba, ndipo m'mawa mwake tinasiya njinga kumudzi womaliza n'kuyamba kukwera. Anadutsa matanthwe anga onse osawayang'ana n'komwe. Ankatsimphina, koma njira ankaidziwa, ndipo ine wa mapirine ndinkawatsatira pambuyo ndili wefuwefu. Tinafika pa thanthwe lalikulu long'ambika pakati, lokhala ndi kaphanga koti munthu amalowa chokwawa.

"Tinakhala muno milungu itatu," anatero. "Ine, amayi anga ndi mlongo wanga. Masana sitinkatuluka. Munthu ukagona chagada tsiku lonse, umayang'ana chiyani? Umayang'ana iwowa."

Ndinawalitsa kagalasi kudenga. Analipo ambirimbiri, ndipo m'mng'alu munali timazira toyera tomatidwa pamwala, tatsopano pamwamba pa zikhokhombe zakale. Miyezi inayi yonse ndinali ndisanaonepo zotere.

"Awa si a pakhoma aja," ababa anatero. "A pakhoma ndi otuwa, amalira, amatsata nyale. Awa ndi aphwatalala, ndipo kunyumba ya munthu safikako. Kutsidya, kwathu kwenikweni, kuli ena ofanana ndi awa koma a mawanga akuluakulu. Ukanandifunsa ndikanakuuza kalekale."

"Ndikanakufunsani bwanji, Ababa, muli ndi patapata m'manja?"

Anaseka, kuseka kwenikweni, koyamba m'miyezi yambiri. "Amene ndimalimbana nawo ine ndi obwera m'nyumba mwanga. Awa ndine ndinabwera m'nyumba mwawo, ndipo sanandithamangitse."

Woyamba nditamutulutsa, anatambasula dzanja kuti amugwire iwo. Zala zawo zozolowera ulusi zinamugwira mofatsa kuposa mmene ndinkachitira ine. Ndinajambula, ndinadula kansonga, ndipo nditatsegula kabotolo fungo la sipiriti linadzaza m'kaphangamo. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Sanatembenuke. Nditatseka, analankhula akuyang'ana nalimata amene anali m'manja mwawo.

"Mkulu wako ndinamupezera timabotolo m'sutikesi muja kawiri. Kawiri konse ndinatibwezera mmene ndinatipezera, n'kutseka. Ndinati ndi mwamuna, ndisamuchititse manyazi, adzasiya yekha." Anamubwezera nalimata uja pamwala. "Lachisanu lija nditatsegula n'kumva fungo, ndinati uyu yekha ayi. Ngakhale adane nane."

Mkwiyo wonse umene ndinausenza masiku anayi unangoti zii, ndipo m'malo mwake munabwera chisoni chimene sindinkadziwa pochiika. Ndinkaganiza kuti maso awo aja ankandinyoza, osadziwa kuti anali mantha. Ndinawapatsa pensulo kuti agwire ntchito ina, poti tonse awiri tinali pafupi kulira ndipo palibe amene ankafuna kuyamba. Analemba okha kapepala koyamba, zilembo zikuluzikulu zopendekera.

Milungu iwiriyo tinayenda limodzi, ine kutsogolo ndi kagalasi, iwo pambuyo ndi pensulo ndi madandaulo a bondo. Sitinabwezeretse zonse. Ku Makanjira tinafikako kamodzi kokha, ndipo ku Nkhudzi ndinapita ndekha tsiku limodzi n'kubwerako ndi michira itatu, mitambo itayamba kale kuda. Timabotolo sanatilole kulowanso m'nyumba. Anakhoma kashelefu m'kachisakasa kosungiramo maukonde, pamthunzi wa mtengo wa mango, n'kugula loko, ndipo kiyi ankasunga iwo. Madamu atabwera anapeza zochepa kuposa zimene ankayembekezera, ndipo sanabise kukhumudwa. Koma ataona zithunzi za a m'kaphanga kaja anakhala nazo nthawi yaitali, akukulitsa ndi zala, n'kufunsa kuti malowo ndinawadziwa bwanji. Ndinaloza ababa. Anakambirana pakhonde mpaka tiyi anazizira.

Anandiitananso chilimwe chotsatira, ndipo ndinapita. Zotsatira za makina zimatenga nthawi yoti munthu ngati ine akhoza kupenga nayo. Akuti a ku Nkhudzi ndi a kwathu akuoneka kuti anasiyanadi kalekale, koma pakufunika michira ina kuti atsimikize, ndipo za a m'kaphanga sanafune kulonjeza kanthu. Ndimayang'ana foni kakhumi pa tsiku. Ndikadali kamwendomnjira, ndipo mvula ikamagwa masiku atatu otsatizana ndimazungulira nyumba mpaka amayi amandipatsa chimanga kuti nditonole.

Patapata uja akadali pakhonde. Mlungu wathawu, titangobwera kuswala ya masana, ndinali kuseri ndikupopa njinga pamene ndinamva ababa akukoka mpando. Ndinasuzumira. Anali ataima pafupi ndi khoma, patapata ali m'mwamba, nalimata ali phee pafupi ndi zenera. Dzanja linakhala m'mwamba choncho nthawi yaitali. Kenako anaitana dzina langa, langa lenileni, kamodzi kokha, osakhosomola.

"Tabwera ndi kagalasi kako kaja," anatero. "Uyu tiyambe tamuyang'anitsitsa. Ndinalakwitsapo kale."